Mwasiya ntchito kuti mukhale consultant: mmene mungapezere makasitomala ndi kukulitsa bizinesiyo

Tsiku lotsanzikana ndi anzanu ku ofesi limakoma. Keke adula, mphatso apereka, aliyense akukugwirani dzanja n'kumati, "Achimwene musadandaule, tizikuponyerani tintchito." Ine mawu amenewa ndinawamva kwa anthu oposa khumi pamene ndinkasiya ntchito kuti ndizipereka pandekha uphungu wa kayendetsedwe ka makampani ndi mabungwe. Patatha miyezi itatu foni inali zii. Sikuti anthuwo ananama ayi. Anatanganidwa ndi zawo, komanso ngakhale akanafuna kundithandiza sakanadziwa chondiitanira, chifukwa ndinali nditawauza kuti "ndimapanga chilichonse cha management."

Wogulitsa simenti amakuonetsani thumba, mumaligwira, mumalinyamula, kenako n'kulipira. Consultant, munthu wopereka uphungu wotere, amagulitsa chinthu chimene kasitomala sangachione asanatulutse ndalama. Chimene bwana wa kampani akugula ndi dzina lanu, ndipo akakulembani ntchito n'kulephera, amene akachite manyazi pamaso pa bodi ndi iyeyo. Choncho kutsatsa malonda pa ntchito imeneyi n'kuchititsa kuti dzina lanu libwere m'mutu mwa munthu woyenera pa tsiku limene vuto lamukulira, ndipo likabwera asachite nalo mantha. Masitepe ali m'munsiwa onse akuloza kumeneko.

Choyamba, sankhani vuto limodzi loti mudziwike nalo

Tengani pepala mulembe ntchito zonse zimene munagwira zaka khumi zapitazi zimene zinasintha chinachake chooneka. Musalembe maudindo, lembani zimene zinachitika: ngongole zosabwezedwa zinatsika, malipoti a kwa madona (mabungwe opereka thandizo la ndalama) anayamba kupita pa nthawi yake, katundu wa m'nyumba yosungiramo anasiya kusowa. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti zambiri mwa izo zikuzungulira pa vuto limodzi kapena awiri. Pamenepo ndiye pamsika panu.

Kenako yesani kunena ntchito yanu m'chiganizo chimodzi chimene azakhali anu angachimve n'kukachibwereza kwa wina. "Ndimathandiza ma SACCO amene ngongole zawo sizikubwezedwa kuti akonze kabwereketsedwe ndi katoleredwe ka ndalama." "Ndimathandiza makopaletivi a alimi kulemba mapulani a bizinesi oti banki kapena pulojekiti yothandiza alimi ngati AGCOM iwalandire." "Ndimathandiza makampani a banja amene bambo mwini wake akukalamba kukonza za amene adzayendetse bizinesiyo." Yerekezani ndi zimene zimalembedwa pa makhadi ambiri amene ndimalandira m'misonkhano: strategic planning, HR, monitoring and evaluation, research, ICT, team building, mwinanso ndi kubwereketsa magalimoto pansi pake. Khadi lotere silikumbukika, ndipo wolilandira amaganiza kuti mwini wake akungosaka ganyu.

Ndikudziwa mantha ake. Dziko lathu ndi laling'ono, makampani akuluakulu ndi owerengeka, ndiye munthu amaopa kuti akadzipanikiza pa chinthu chimodzi afa ndi njala. Komatu ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kuchepa kwa dzikoli n'kumene kumachititsa kuti kusankha kupindule msanga: oyang'anira ma SACCO amakumana ku misonkhano ya MUSCCO, akuluakulu a mabungwe omwe si aboma amakumana ku CONGOMA, akauntanti amakumana ku ICAM. Mukagwira bwino ntchito ziwiri m'gulu limodzi lotere, gulu lonse limamva. Ndipo kusankha sikukutanthauza kuti ntchito ina ikabwera muikana. Chaka choyamba mudzalandira zambiri zimene si za mzere wanu, chifukwa lendi siyembekeza. Nkhani ndi ya zimene mumanena pagulu anthu akakufunsani kuti mumatani.

Mapepala akhale okonzeka ntchito isanabwere

Apa sindichedwapo, koma musadumphe. Lembetsani dzina la bizinesi kapena kampani ku ofesi yolembetsa makampani, tengani TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ku MRA, tsegulani akaunti ya banki m'dzina la bizinesiyo, ndipo tax clearance certificate yanu isamathe mphamvu muli chigonere. Ngati mukufuna ntchito za boma, makhonsolo ndi makampani a boma, lembetsaninso ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma. Ndaonapo munthu akuluza kontrakiti imene anali atapambana kale chifukwa satifiketi ya msonkho inali itatha mwezi wapitawo, ndipo ofesi yogula zinthu sinathe kumudikira.

Konzaninso zinthu zitatu izi: CV yamasamba osapitirira anayi yotsogoza ntchito zimene munamaliza, tsamba limodzi lofotokoza bizinesi yanu, ndi adiresi ya imelo yooneka ya munthu wamkulu. Ofesi ya lendi ku City Centre kapena ku Ginnery Corner isakupupulumitseni. Makasitomala a ntchito imeneyi sabwera kwa inu, inu ndi amene mumapita kwa iwo. Ndalama ya lendiyo ndi bwino igule laputopu yodalirika, intaneti, ndi batire kapena sola yoti magetsi akathima lipoti lisaime.

Yambani ndi anthu amene anaona kale ntchito yanu

Sitepe iyi ndiyo yobweretsa ntchito zambiri kuposa zonse, ndipo ndiyo imene anthu ophunzira amaizemba kwambiri chifukwa imaoneka ngati kupempha.

Lembani mayina makumi asanu: mabwana anu akale, anzanu amene anasamukira ku mabungwe ena, amene munaphunzira nawo ku Chancellor College kapena ku Polytechnic amene lero ali m'maudindo, ma auditor amene ankabwera ku ofesi kwanu, a ku tchalitchi kapena ku mzikiti amene ali m'mabodi. Pambali pa dzina lililonse lembani ngati munthuyo angathe kukulembani ntchito yekha, kapena angathe kukutchulani kwa wina. A gulu lachiwiriwa musawapeputse. Auditor ndi loya amalowa m'makampani ambiri pa chaka kuposa inu, amaona mavuto amene iwo saloledwa kapena alibe nthawi yowakonza, ndipo amafunsidwa kawirikawiri kuti, "Kodi mukudziwapo munthu amene angatithandize pa zimenezi?"

Sabata iliyonse kumanani ndi anthu awiri kapena atatu a pamndandandawo. Musatumize uthenga umodzi kwa onse pa WhatsApp, umangowerengedwa n'kuiwalika. Imbani foni, pemphani mphindi makumi awiri, pitani. Mukafika, mutapatsana moni ndi kufunsana za kunyumba monga mwa mwambo, musayambe kuyala madigiri anu. Funsani za iwo. "Bwana, chaka chino chimene chikukusowetsani tulo n'chiyani pa kampani pano?" Ndiye khalani chete mumvetsere. Anthu a maudindo akuluakulu alibe owauza mavuto awo: kwa antchito sanganene, ku bodi amaopa kuoneka olephera. Munthu wakunja womvetsera bwino amamuuza zambiri. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko musakatulutse musanaone pomwe pali tsitsi.

Akatchula vuto la mzere wanu, perekani nzeru imodzi yothandiza pomwepo, yaulere, yoti akhoza kuigwiritsa ntchito ngakhale osakulembani. Ena amati kutero n'kutaya katundu. Ine ndinaona kuti nzeru ya mphindi zisanu siimaliza vuto la kampani, imangoonetsa kuti vutolo mukulidziwa. Akatchula vuto limene si lanu, atchulireni mnzanu amene amalidziwa, ndipo mnzanuyo mumuuze kuti mwamutchula. Potsanzika funsani funso limodzi: "Kodi alipo wina amene mukuona kuti ndiyenera kucheza naye pa nkhani zoterezi?" Mndandanda wa makumi asanu uja umakula motero.

Mukafika kunyumba lembani m'kabuku tsiku, zimene ananena, ndi tsiku loti mudzawakumbukire. Pakatha mwezi kapena iwiri atumizireni kanthu kokhudza zimene anadandaula, kaya ndi nkhani ya m'nyuzipepala kaya lamulo latsopano. Ntchito yanga yoyamba yolipira bwino inachokera kwa mayi wina amene ndinacheza nawo mu Malichi, iwo n'kudzaimba foni mu Okutobala bodi yawo itawapanikiza. Pakati ponsepo ndinali nditawalembera kawiri kokha, koma kawiriko kanakwanira kuti asandiiwale.

Chenjezo limodzi: ngati munasiya ntchito pa kampani ina yopereka uphungu, werengani kontrakiti yanu yakale musanayambe kuyendera makasitomala awo. Lilongwe ndi Blantyre ndi midzi, mawa mudzafuna kugwirizana ndi anthu omwewo pa ntchito yaikulu.

Onetsani nzeru zanu poyera

Munthu akamva dzina lanu kwa mnzake, chotsatira n'kukufufuzani pa intaneti. Apeze chinachake. Tsamba la LinkedIn lokonzedwa bwino, lokhala ndi chithunzi chooneka ndi chiganizo chija chofotokoza ntchito yanu, n'lokwanira poyambira. Webusaiti ikhoza kubwera pambuyo. Kawiri pa mwezi lembani nkhani yaifupi ya vuto limodzi limene mumakumana nalo: chifukwa chimene ma strategic plan ambiri amathera m'kabati, mafunso asanu amene membala wa bodi ayenera kufunsa akalandira malipoti a zachuma, zimene kopaletivi iyenera kukonza isanapite ku banki. Lembani za kuno, za mavuto a mafuta, ndalama zakunja, magetsi ndi chiwongoladzanja, osati kukopera nzeru za makampani a ku America zimene wowerenga wa ku Kanengo sangazigwiritse ntchito. Dzina la kasitomala musatchule popanda chilolezo chake, ngakhale mutamuyamikira.

Masamba a zamalonda a The Nation ndi The Daily Times amawerengedwabe ndi anthu amene amasaina macheke, ndipo nkhani ya maganizo yolembedwa bwino akhoza kuisindikiza. Ngati makasitomala anu ndi makopaletivi ndi mabizinesi ang'onoang'ono, wayilesi ya m'dera ndi Chichewa chomveka zimafika kumene LinkedIn safika.

Koma choposa zonsezi ndi kuyankhula pamaso pa anthu. Mabungwe a akatswiri monga ICAM ndi IPMM amachititsa misonkhano ya pachaka, kawirikawiri kunyanja, ndipo MCCCI imasonkhanitsa eni mabizinesi, kuphatikizapo pa chionetsero cha zamalonda ku Chichiri. Kupita ngati womvera kumadula ndipo phindu lake n'lochepa. Lemberani okonza msonkhano miyezi ingapo usanachitike, muwapatse mutu umene mamembala awo akuvutika nawo. Mphindi makumi atatu pa nsanja zimakudziwitsani kwa anthu ambiri kuposa amene mungawayendere miyezi isanu ndi umodzi.

Zotsatsa za m'nyuzipepala: sankhani zolimbana nazo

Sabata iliyonse m'nyuzipepala ndi pa masamba a intaneti a mabungwe mumatuluka ma Expression of Interest ndi ma Request for Proposals, zotsatsa zoitana akatswiri kuti apikisane pa ntchito. Wongoyamba kumene amayankha zonse, n'kumagona pakati pa usiku, miyezi n'kutha popanda yankho. Proposal, chikalata chofotokoza mmene mudzagwirire ntchitoyo ndi mtengo wake, ikakhala yabwino imadya masiku atatu kapena asanu amene palibe akukulipirani. Choncho musanayambe dzifunseni: kodi zimene TOR (chikalata chofotokoza ntchitoyo ndi munthu amene akufunika) ikufuna ndili nazo zonse, kapena ndikungodzinyengerera? Kodi ndili ndi ntchito zofanana nazo zosachepera ziwiri zoti ndionetse? Kodi bungweli likundidziwa, kapena ndikhala dzina lachilendo pakati pa maenvulopu makumi atatu? Nanga masiku amene apereka ndi okwanira? Chotsatsa chopatsa anthu masiku atatu pa ntchito yaikulu, kapena TOR yofotokoza maphunziro ndi zaka za munthu mwatsatanetsatane ngati ikuwerenga CV ya winawake, nthawi zambiri mwini wake alipo kale. Zisiyeni zipite.

Mukasankha kulimbana nayo, dziwani mmene amaperekera mamalikisi. Pa ntchito zambiri za boma, za World Bank ndi za mabungwe a UN, proposal ya kagwiridwe ka ntchito ndi ya mtengo zimaperekedwa padera, ndipo ya mtengo imatsegulidwa pokhapokha yoyambayo yafika pa mlingo umene anaika. Mabungwe ena a UN amapereka 70 pa 100 ku kagwiridwe ka ntchito ndi 30 ku mtengo. Ndiye kutsitsa mtengo sikungapulumutse proposal yofooka. Chikalata choitanira chija chimakhala ndi tebulo la mamalikisi. Litsatireni mutu ndi mutu, m'dongosolo lomwelo, kuti woonayo, amene watopa ndipo akuwerenga yachikhumi tsiku limenelo, asavutike kusaka.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kubwereza TOR m'mawu ena n'kuitcha "kumvetsa kwathu kwa ntchito." Iwo analemba okha TOR imeneyo, akuidziwa. Auzeni chimene sanalembe: kuti ulendo wa kumidzi umene auika mu Febuluwale udzakumana ndi misewu yoduka ndi anthu ali kumunda, kuti masiku khumi sangakwane maboma asanu ndi limodzi, kuti pulani yapitayi iyenera kuunikidwa kaye isanalembedwe yatsopano. Apa m'pamene amaonera kusiyana kwa munthu wodziwa ntchito ndi wongokopera. Pa tsiku lopereka, fikitsani envulopu maola angapo nthawi isanakwane. Bokosi la ma tender likatsekedwa, nkhani ya mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe palibe amene aimve. Mukagonja, lembani kalata yaulemu yopempha kuti akuuzeni pomwe munafooka. Ambiri sayankha, koma amene amayankha amakuphunzitsani zambiri.

Njira ina yachidule imene anthu amainyalanyaza: makampani akuluakulu akunja akapambana kapena akamapikisana pa ntchito za kuno, amafuna akatswiri a m'dziko muno. Atumizireni CV, ndipo mukamva kuti pulojekiti yaikulu ikubwera, afikireni isanatsatsidwe. Malipiro amakhala ochepa poyerekeza ndi a mnzanu wochokera ku London amene mukumuperekeza ku Nsanje ndi kumumasulira, ndipo zimenezi zimawawa, koma ntchitoyo imalowa pa CV yanu ndipo mumaphunzira mmene iwo amalembera. Onetsetsani kuti mwagwirizana polemba asanaike CV yanu mu proposal yawo. Zinandichitikirapo kuti kampani ina inapambana ndi dzina langa, ntchito n'kuipatsa wina wotchipa.

Mtengo

Ambiri amatenga malipiro awo akale a pamwezi, n'kugawa ndi masiku 22, n'kunena kuti ndiwo mtengo wa tsiku. Amenewo ndi masamu a njala. Wolembedwa ntchito amalipidwa ngakhale tsiku la maliro, la tchuthi ndi la malungo. Inu mumalipidwa masiku okhawo amene kasitomala wasainira. Mukachotsa masiku olemba ma proposal, oyendera anthu, otsatira malipiro, ndi miyezi imene ntchito kulibe, zaka zoyambirira mukagulitsa masiku 100 kapena 120 pa chaka ndiye kuti zayenda.

Tingoyerekeza. Pakhomo pakufunika K2,000,000 pa mwezi, kuphatikizapo sukulu fizi, chipatala ndi kusungira ukalamba, popeza tsopano palibe bwana wokuikirani penshoni. Bizinesi ikudya K1,000,000 pa mwezi pa mafuta, intaneti, foni, kusindikiza ndi akauntanti. Pa chaka ndi K36,000,000. Mukagawa ndi masiku 120, tsiku limodzi ndi K300,000, msonkho usanalowepo. Mukanagawa ndi masiku 240 mukanapeza K150,000, n'kumadabwa kuti bwanji mukugwira ntchito usiku ndi usana koma ngongole sizikutha. Ikani manambala anuanu, kenako funsani anzanu awiri kapena atatu a ntchito yomweyi kuti muone ngati msika ungalandire.

Kasitomala akati mtengo wakwera, musathamangire kudula. Funsani kuti ali ndi zingati, ndipo chotsani mbali ina ya ntchito kuti igwirizane ndi ndalamazo: maboma atatu m'malo mwa asanu, msonkhano umodzi m'malo mwa iwiri. Mukangodula mtengo ntchito ili yomweyo, mwamuuza kuti mtengo woyamba unali wabodza, ndipo adzauza anzake. Kwa makampani omwe si aboma, ndi bwino kutchula mtengo wa ntchito yonse kusiyana ndi wa tsiku, chifukwa mwini fakitale akamva mtengo wa tsiku amauyerekeza ndi malipiro a pamwezi a kalaliki wake n'kukwiya.

Kwacha nayo musaiiwale. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali atasaina kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi pa mtengo wosasintha anamaliza ntchito ndi ndalama za m'thumba mwawo. Lembani pa quotation kuti mtengowo ukugwira ntchito masiku 30, siyanitsani malipiro anu ndi ndalama za mafuta ndi malo ogona, ndipo pa ntchito yaitali ikani ndime yoti zinthu zikasintha kwambiri mudzakambirananso. Pemphani gawo lina la ndalama poyamba, mwina mukapereka inception report (lipoti loyamba lofotokoza mmene ntchito iyendere), ndipo zotsalazo zigawidwe motsatira zimene mwapereka. Kumbukirani kuti kasitomala adzadula withholding tax, msonkho umene amachotsa pa malipiro anu asanakupatseni. Tengani satifiketi yake nthawi yomweyo, chifukwa ndi imene mudzaonetse ku MRA powerengera msonkho wa pachaka. Ndipo musayambe ntchito ndi mawu akuti "yambani, kontrakiti ikubwera." Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pali mtengo winanso umene sulembedwa. Tsiku lina wina adzakuitanirani pambali n'kunena kuti ntchito ndi yanu, bola "mutikumbukire." Kupatula kuti ndi mlandu pansi pa Corrupt Practices Act umene ACB ingakumangireni, taganizani za malonda okha: mukapereka kamodzi, mbiri imayenda m'maofesi ogula zinthu kuti uyu amapereka, ndipo simudzapezanso ntchito yopanda chigawo cha wina. Komanso munthu amene munamupatsa envulopu simungamulembere lipoti lonena zoona za dipatimenti yake. Kanani mwaulemu, mwina mongoseka, kuti mabuku anu amaonedwa ndi akauntanti. Ntchito zina mudzaluza, zimenezo n'zoona.

Ntchito imene muli nayo ndiyo ikuitanireni ina

Maofesi athu adzaza ndi malipoti okongola amene palibe anawatsegula chiwaperekereni. Ngati lanu likakhale limodzi mwa amenewo, mwalipidwa koma simunadzigulitse. Kuyambira tsiku loyamba funsani kuti ndani adzagwiritse ntchito zimene mupeze, ndipo muyende naye limodzi. Yankhulani ndi madalaivala, osunga katundu ndi makalaliki, osati mabwana okha; kawirikawiri iwo amadziwa pomwe ndalama zikudonthera, kungoti palibe anawafunsapo. Nkhani yowawa muuzeni bwana pa awiri isanafike mu msonkhano, asaimvere koyamba pamaso pa antchito ake. Lipoti likhale lalifupi, ndipo patsogolo pakhale tsamba limodzi lonena zoyenera kuchita, wochita, ndi tsiku lake.

Sabata imene mwamaliza, chisangalalo chisanazirale, pemphani kalata yotsimikiza kuti munagwira ntchitoyo, yotchula mtundu wa ntchito ndi nthawi yake. Mukadikira chaka, amene ankakudziwani adzakhala atasamuka. Pakatha miyezi itatu imbani foni kapena pitani, kwaulere, mukafunse mmene zikuyendera. Ma consultant ochepa kwambiri amachita zimenezi, ndipo ulendo umenewu ndi umene umabala ntchito yachiwiri. Ngati akuvutika kukwaniritsa zimene munalangiza, apatseni ganizo la mgwirizano wa pamwezi: masiku awiri kapena atatu mwezi uliwonse pa mtengo wokhazikika. Makasitomala awiri otere amalipira zofunika za pakhomo, ndipo mumasiya kulandira ntchito zoipa chifukwa cha mantha.

Kukula

Msampha waukulu wa munthu wogwira yekha ndi uwu: ntchito ikachuluka amasiya kuyendera anthu, ntchitoyo ikatha amapeza kutsogolo kuli mbee, n'kuyambanso kusaka kwa miyezi itatu. Patulani theka la tsiku sabata iliyonse, kaya Lachisanu m'mawa, loti ndi la mafoni, kulemba ndi kutsatira ma invoice, ngakhale mutapanikizika bwanji. Dziwaninso nyengo za makasitomala anu. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, pamene makampani ndi mabungwe ambiri amatseka mabuku mu Disembala ndipo bajeti ya chaka chotsatira amaikonza miyezi ingapo izi zisanachitike. Nthawi yocheza nawo ndi pamene akukonza bajeti, kuti ntchito yanu ilowemo. Mukafika itavomerezedwa kale adzakuuzani kuti "ganizo ndi labwino koma ndalama palibe."

Musatsamire pa mtengo umodzi. Mu 2025, boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, mapulojekiti ambiri anatsekedwa mwadzidzidzi, ndipo ma consultant amene ankadya kumeneko kokha anatsala manja ali m'khosi, pa nthawi yomweyo imene akatswiri ochotsedwa ntchito ankalowa nawo pa msika womwewo. Ngati kasitomala mmodzi kapena dona mmodzi akukupatsani zoposa theka la ndalama zanu, chaka chimenecho cholinga chanu chikhale kupeza a mtundu wina: mabanki, ma SACCO, makampani a zaulimi, sukulu ndi zipatala za mipingo, mabizinesi a mabanja. Amenewa amalipira zocheperapo ndipo amanenerera mtengo, koma amawononga ndalama zawozawo, choncho malangizo amawatsatira.

Ntchito ikayamba kukuposani, musathamangire kulemba anthu. Yambani ndi anzanu odziimira paokha amene mumaitana pa ntchito imodziimodzi, wina wa zachuma, wina wa kafukufuku, wina wa malamulo a ntchito, ndipo gwirizanani polemba za malipiro, za tsiku lolipira ngati kasitomala wachedwa, ndi za mwini kasitomalayo. Maubwenzi ambiri a ku yunivesite athera pa mfundo zitatu zimenezi. Chilichonse chotuluka m'dzina la bizinesi yanu muchiwerenge nokha mzere ndi mzere. Zimene mumachita mobwerezabwereza zisandutseni katundu wokhala ndi dzina ndi mtengo wake, monga maphunziro a masiku awiri a mamembala atsopano a bodi kapena kuunika kwa sabata imodzi kwa kayendetsedwe ka SACCO. Chinthu chotere n'chosavuta kugulitsa, ndipo wina mukhoza kumuphunzitsa kuchipereka inu muli kwina. Ngati mzere wanu ndi wa makopaletivi ndi alimi, kum'mawa kwa Zambia kuli pafupi: Chipata ili patsidya pa Mchinji pomwepa ndipo chiyankhulo n'chimodzi, koma pezani mnzanu wa komweko wodziwa malamulo ndi misonkho yawo. Ku Tete nako anthu mudzamvana nawo, koma malipoti amafuna Chipwitikizi.

Wantchito woyamba wokhazikika asakhale katswiri mnzanu wodula. Akhale wachinyamata wakhama wotha kukonza manambala, kusanja mapepala a ma tender, kukonza maulendo ndi kutsatira malipiro, kuti masiku anu apite ku zimene inu nokha mungathe. Musanamulembe werengerani zonse: malipiro, PAYE yoti muzidula ndi kupereka ku MRA mwezi uliwonse, ndi penshoni imene lamulo limati wolemba ntchito aikepo 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Funsaninso akauntanti ngati ndalama zimene mukupanga pa chaka zafika poti mulembetse VAT. Ine ndinadikira mpaka mu akaunti ya bizinesi munali ndalama zokwanira kumulipira miyezi isanu ndi umodzi popanda invoice ina kulowa, ndipo m'chaka chake choyamba kasitomala wina wamkulu anachedwetsa malipiro miyezi inayi.